KODI CHIPATALA CHATHU TINGACHIYEZE NDI MUYESO WANJI?

Nkhani yomwe tabwera nayo lero ndi ya chipatala, ndipo tikukhulupirira kuti pakati pathu pano palibe ndi mmodzi yemwe amene sadakhalepo pa benchi la chipatala kudikira kuti aitanidwe.

Tiyambe ndi za kumsika. Mayi akapita pa msika wa Kawale kapena wa Chinsapo kukagula chimanga, sangolandira zomwe wamalonda wathira m'thumba. Amayamba wayang'ana chigoba choyezera, kuchitembenuza, kuona ngati kunsi kwake sikudakhomedwe kuti chichepe. Akamagula nyama maso ake amakhala pa sikelo. Palibe amene amati mayi ameneyu ndi wamwano, chifukwa ndalama ndi yake ndipo ana odzadya chimangacho ndi ake. Koma mayi yemweyo akafika kuchipatala, kumene chili pa sikelo ndi moyo wa mwana wake, amangoti chete. Akapatsidwa mankhwala amathokoza. Akauzidwa kuti mankhwala atha amathokozanso, n'kubwerera kunyumba.

Ambiri a ife tidakula ndi maganizo oti chithandizo cha m'chipatala cha Boma ndi mphatso, ndipo wolandira mphatso safunsa kukula kwake. Maganizo amenewa ndi olakwika. Aliyense wogula mayunitsi a foni, malata kapena thumba la simenti amalipira msonkho, ndipo msonkho umenewo pamodzi ndi thandizo lomwe maiko ena amapereka m'dzina lathu ndi umene umalipira anamwino ndi kugula mankhwala. Malamulo aakulu a dziko lino, omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994, amanena m'gawo 13 kuti Boma liyenera kuyesetsa kupereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira, chogwirizana ndi zosowa za Amalawi komanso ndi miyeso yovomerezeka pa dziko lonse. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo silinena kuti ulemuwo umathera pa geti la chipatala. Tsono mawu oti "chokwanira" ndi osavuta kuwalemba. Adziwe ndani kuti chithandizo chakwanira ngati palibe woyeza?

KUWERENGA MALIRO SIKOKWANIRA

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe mudali anthu pafupifupi 990,000, ndipo chiwerengerocho chakwera kuchokera nthawi imeneyo. Ambiri a ife timayambira pa zipatala zing'onozing'ono monga cha Kawale, cha Area 18 ndi cha Area 25. Anthu ambiri a ku Chinsapo amapita ku Likuni, chipatala cha mishoni. Zikavuta timatumizidwa ku Bwaila, komwe akuluakulu amakutchulabe kuti ku Bottom, kumene amayi oposa 15,000 akhala akuchira chaka ndi chaka. Zikavutitsitsa timafika ku Kamuzu Central, chomwe chidatsegulidwa mu 1977 ndipo chimalandira odwala kuchokera m'maboma onse a chigawo chapakati.

M'maliro timamva anthu akuti, "Kuchipatala chachikulu kumafa anthu, ine musadzanditengereko." Apa anthuwa akuyeza chipatala, koma akuyeza ndi chigoba chokhomedwa. Chipatala chachikulu chimalandira amene alephereka kwina konse, ena atayenda ulendo wautali pa ambulansi, ena atakhala kunyumba sabata yathunthu akumwa panado. Chipatala chaching'ono chomwe chimatumiza wodwala aliyense wovuta chingathe kutha chaka osalemba imfa ngakhale imodzi m'kaundula mwake, koma zimenezo sizikusonyeza kuti chimagwira bwino ntchito. Nchifukwa chake odziwa za kuyeza safunsa kuti "afa angati?" ayi. Amafunsa kuti mwa odwala 100 omwe adagonekedwa ndi matenda akutiakuti, adafa ndi angati, ndipo amayerekeza chipatala ndi chinzake cha msinkhu womwewo, kapena chipatala chomwecho chaka chino ndi chaka chatha.

Nzeru yowerenga motere si yatsopano. Namwino wa ku England, Florence Nightingale, atapita kukasamalira asilikali pa nkhondo ya ku Crimea mu 1854, adasonkhanitsa ziwerengero zomwe zidaonetsa kuti asilikali ambiri ankafa ndi matenda obwera chifukwa cha uve kuposa mabala a kunkhondo. Mu 1966 dokotala wina wophunzitsa pa yunivesite ya Michigan ku America, Avedis Donabedian, adalongosola kuti ubwino wa chipatala uyenera kuyang'anidwa mbali zitatu. Ife tingazitche mafuwa atatu, pakuti mphika sukhazikika limodzi likasowa.

Fuwa loyamba ndi zomwe chipatala chili nazo: anamwino ndi madokotala angati, madzi, magetsi ndi jenereta, mankhwala, magazi, ambulansi yokhala ndi mafuta. Fuwa lachiwiri ndi zomwe zimachitika wodwala akalowa: kodi mwana wotentha thupi adayezedwa magazi asadapatsidwe mankhwala a malungo, kodi mayi woyembekezera adayezedwa kuthamanga kwa magazi, kodi wothandiza adasamba m'manja. Fuwa lachitatu ndi zotsatira: wodwala adachira, adalumala, kapena adamwalira, ndiponso adachoka ndi mtima wotani. Andale amakonda fuwa loyamba chifukwa ndi lomwe limadulidwa riboni ndi kujambulidwa. Fuwa lachiwiri silioneka pa chithunzi, komabe miyoyo yambiri imatayikira pamenepo.

AMAYI ADABWERA, NANGA ADAPEZA CHIYANI?

Pali nkhani imodzi ya dziko lathu yomwe ikuonetsa bwino zimenezi, ndipo tichedwapo pang'ono. Ofesi ya kalembera ya ku Zomba imachita kafukufuku wa zaumoyo m'makomo pakapita zaka zingapo. Mu 1992 kafukufukuyu adapeza kuti mwa ana 100 obadwa, pafupifupi 55 okha ndi amene ankabadwira kuchipatala. Boma, mipingo, mabungwe ndi mafumu tidagwirana manja kulimbikitsa amayi kukachirira kuchipatala. Kuyambira 2006 Boma lidayamba kupangana ndi zipatala za mishoni za bungwe la CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, Boma n'kumabweza ndalamazo. Mu 2007 azamba akumudzi adaletsedwa kubereketsa. M'madera ambiri mafumu adaika chindapusa cha mbuzi, nkhuku kapena ndalama kwa banja lomwe mayi wachirira pakhomo. Pofika kafukufuku wa 2015 ndi 2016, ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala.

Amayi adamvera, adachita mbali yawo. Ndipo phindu lidalipo: imfa za amayi zokhudza uchembere zidatsika kuchoka pa 1,120 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2000, kufika pa 984 mu 2004, pa 675 mu 2010 ndi pa 439 mu 2015 ndi 2016. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zidatsikanso kwambiri, kuchoka pa 133 mwa ana 1,000 mu 2004 kufika pa 63. Koma tamverani chiwerengero ichi. Makanda omwalira asadakwanitse mwezi umodzi adali 27 mwa 1,000 mu 2004, adali 31 mu 2010, ndipo mu 2015 ndi 2016 adali 27. Zaka zoposa khumi, amayi atadzaza zikuta za m'zipatala mpaka ena kugona pansi, imfa za makanda zidaima pamodzimodzi.

Tikadangowerenga amayi olowa pa khomo la chipatala tikadavina kuti tapambana. Chiwerengero chachiwiri ndi chimene chidatiuza kuti kulowa pa khomo ndi chinthu china, kuthandizidwa bwino ndi chinthu chinanso. Mu 2013 ndi 2014 padachitika kafukufuku wina amene adayendera pafupifupi zipatala zonse za m'dziko muno, kuwerenga zipangizo, kuonerera momwe odwala akuthandizidwira ndi kuwafunsa potuluka. Akatswiri a pa yunivesite ya Harvard pamodzi ndi mnzawo wa mu Unduna wa Zaumoyo adagwiritsa ntchito zomwe zidapezekazo, ndipo mu 2016 adafalitsa zotsatira zoti kuchirira pa chipatala cha gulu labwino koposa kunkachepetsa imfa za makanda ndi ana pafupifupi 23 mwa 1,000 aliwonse, poyerekeza ndi kuchirira pa zipatala zinazo. Kunena kwina, mwana wobadwira pa chipatala ichi ndi wobadwira pa chipatala icho sayamba moyo ndi mwayi wofanana, ngakhale zikwangwani za zipatala ziwirizo zili zofanana.

Vutoli si la ife tokha. Mu 2018 gulu la akatswiri lomwe lidasonkhanitsidwa ndi magazini ya zaumoyo ya Lancet Global Health lidawerengera kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, anthu pafupifupi 5 miliyoni amafa chaka chilichonse atafika kuchipatala koma n'kulandira chithandizo choperewera, pamene 3.6 miliyoni amafa chifukwa chosafika n'komwe. Ndipo mudali mu mzinda wathu uno, mu February 2017, momwe maiko asanu ndi anayi kuphatikizapo Malawi, mothandizidwa ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, adakhazikitsa mgwirizano wolonjeza kuchepetsa ndi theka imfa za amayi ndi makanda m'zipatala zosankhidwa pa zaka zisanu. Lonjezo lokhala ndi nambala ndi tsiku ndi labwino, chifukwa limatipatsa ife anthu wamba pogwira pofunsa.

PAMENE KUWERENGA KUDAPULUMUTSA MIYOYO

Tisaoneke ngati tabwera kudzangodandaula. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala a ana motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux adaona m'makaundula kuti ana ambiri ankamwalira tsiku lomwelo lomwe afika. Chifukwa chake chidali choti ana onse ankaima pa mzere umodzi, wachifuwa wamba ndi wokomoka yemwe, woyamba kufika ndiye woyamba kuonedwa. Kuyambira cha mu 2001 adasintha. Adaphunzitsa ogwira ntchito kuyendera mzere ndi kutola ana odwalitsitsa, nakonza chipinda chowathandizira mwamsanga. Imfa za ana ogonekedwa, zomwe zinkakhala pakati pa 10 ndi 18 mwa 100, zidatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira imeneyi idafalikira m'zipatala zina za kuno ndi za maiko ena. Ndipo muyeso wake aliyense wa ife angathe kuuona ndi maso atakhala pa benchi: kodi pali wina amene akuyendera mzere wa ana m'mawa, kapena mayi wa mwana wobanika akudikira nambala yake ngati wina aliyense?

Chitsanzo china ndi cha mankhwala a ma ARV, omwe adayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Kuyambira pachiyambi Unduna udakhazikitsa lamulo loti miyezi itatu iliyonse gulu la oyendera lifike pa chipatala chilichonse chopereka mankhwalawa. Oyenderawo amatsegula makadi ndi makaundula, kuwerenga kuti mwa onse omwe adayamba mankhwala ali moyo ndipo akumwabe ndi angati, amwalira angati, asiya kubwera angati, asamukira kwina angati, ndiponso amawerenga mabotolo otsala m'nkhokwe. Chipatala chochita bwino chimalandira satifiketi yopachika pa khoma. Malo ngati Lighthouse ku Kamuzu Central, yomwe idayamba mu 2001, ndi Martin Preuss Centre ku Bwaila, yomwe idatsegulidwa mu 2006, adadziwika chifukwa cha kusunga bwino mbiri ya odwala ndi kulondola amene asowa. N'zoona kuti ntchitoyi idali ndi ndalama zambiri zochokera kunja. Komabe funso likhalapo: ngati zidatheka kudziwa miyezi itatu iliyonse kuti pa chipatala chakuti odwala angati asiya mankhwala, chikuletsa n'chiyani kudziwa kuti mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi adasowa masiku angati mwezi watha?

Mliri wa kolera womwe udayamba mu March 2022 n'kupitirira mu 2023 udatiphunzitsa mbali ina. Anthu pafupifupi 59,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Lilongwe lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa koposa, mpaka mu January 2023 sukulu za kuno ndi za ku Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Bungwe la WHO limati kolera ikamathandizidwa bwino, omwalira sayenera kufika mmodzi mwa odwala 100. Ife tidataya pafupifupi atatu mwa 100. Koma nambala imeneyi siloza anamwino okha. Munthu wa ku Mgona kapena ku Area 23 amene adayamba kutsegula m'mimba usiku, nasowa galimoto, n'kufika m'mawa madzi atatha m'thupi, imfa yake idayambira pa chitsime ndi pa msewu. Nchifukwa chake pofunsa timagawa: adafika atamwalira kale ndi angati, adamwalira atangofika ndi angati, adamwalira atagona tsiku lathunthu pa dripi ndi angati. Gulu loyamba likufunsa ife eni mudzi ndi a khonsolo ya mzinda. Gulu lomaliza likufunsa chipatala.

MAWU A WODWALA

Makolo adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pali zinthu zomwe kaundula wa chipatala sangalembe, zomwe amadziwa ndi wodwala yekha ndi womudikirira. Palibe kaundula amene amalemba kuti mayi adakalipiridwa ali pa ululu wobereka, kuti bambo adavulidwa pamaso pa anthu popanda chotchinga, kuti mtsikana wofuna njira yolera adafunsidwa mokuwa kuti "ndiwe wokwatiwa?", kapena kuti wina adauzidwa kuti apereke kangachepe kuti aonedwe msanga. Zinthu zimenezi si zazing'ono. Mayi wonyozedwa lero amachedwa kubwera mimba yotsatira, ndipo amauza anzake pa mjigo. Motero kufunsa odwala maganizo awo ndi mbali ya kuyeza chipatala, osati chifundo chongowachitira.

Koma muyeso umenewu uli ndi misampha yake, ndipo tiyenera kuitchula. Tsiku lina tidakhala pa khomo la chipatala china, chomwe sitichitchula dzina, n'kumafunsa otuluka kuti, "Kodi mwakhutira ndi chithandizo?" Pafupifupi onse adati, "Eya, atithandiza bwino." Madzulo ake tidakumana ndi ena mwa amayi omwewo pa bwalo la kwawo, popanda wovala yunifolomu pafupi, ndipo tidasintha mafunso. Tidafunsa kuti mudafika nthawi yanji ndipo mudaonedwa nthawi yanji? Adakugwirani m'thupi kapena adangolemba m'buku? Adakuuzani dzina la matenda anu? Mankhwala omwe adalemba mudawapeza pa windo kapena mudakagula? Mayankho adali ena ndithu. Amayi aja sadatinamize m'mawa muja. Munthu amene adazolowera kubwezedwa amakhutira akangoonedwa. Komanso tonse tidaleredwa kuti sitinena zoipa za munthu tili pa khomo pake, makamaka munthu amene tidzamufunenso mawa.

Msampha wina ndi woti zomwe zimakondweretsa wodwala si nthawi zonse zomwe zimamuchiritsa. Ambiri a ife timati dokotala wabwino ndi wobaya jakisoni ndi kupereka makapisozi. Amene watiyeza magazi, n'kupeza kuti tilibe malungo, n'kutiuza kuti ndi chimfine tikapume, timamutcha waulesi, pamene iyeyo ndiye watsata malamulo a ntchito yake ndipo wateteza mankhwala kuti asathe mphamvu. Zipatala zina zolipira zimadziwa kufooka kwathu kumeneku. Kumwetulira, mipando yabwino ndi mankhwala a mitundu isanu zingathe kukhutiritsa munthu amene matenda ake enieni sadapezeke.

Ndiye palinso amene safunsidwa konse. Womwalira safunsidwa. Amene adatopa ndi mzere n'kubwerera, amene adasiya kubwera chifukwa adanyozedwa, wolumala amene sangakwere masitepe, onsewa sapezeka pa khomo pamene wofunsa waima ndi pepala lake. Tikamva lipoti loti odwala ambiri ndi okhutira, tizifunsa kuti adafunsa ndani, adafunsira pati, ndipo wofunsayo amalipidwa ndi yani.

Kuti mawu a odwala ali ndi mphamvu tidaziona mu August 2019, pamene ofesi ya Ombudsman, nthawi imeneyo motsogozedwa ndi Mayi Martha Chizuma, idatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb. Lipotilo lidafufuza nkhani ya amayi omwe ankachotsedwa chiberekero m'zipatala za Boma pambuyo pa mavuto a pobereka, ndipo lidaloza kuchedwa kuthandizidwa, matenda olowa pa bala la opaleshoni, kuchepa kwa ogwira ntchito ndi zipangizo, komanso kusasamala. Maopaleshoni amenewo adali olembedwa m'mabuku a zipatala nthawi yonseyo. Chidasowa ndi munthu woti awerenge n'kufunsa kuti bwanji achuluka chonchi, kufikira nkhaniyi itatuluka m'manyuzipepala. Kuyambira 2018 zipatala za Boma zidayamba kukhala ndi munthu wolandira madandaulo, amene amatchedwanso Ombudsman wa pachipatala. Ena amadandaula kuti kawirikawiri munthuyu ndi wogwira ntchito wa mu Unduna womwewo, ndipo n'kovuta kuti aweruze anzake odya nawo nsima. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Komabe ofesi yosafikako munthu imafa yokha, choncho tiyeni tiziigwiritsa ntchito, ndipo tizifunsa kuti madandaulo omwe adalandira ndi angati, ndipo adayankhidwa ndi angati. Nkhani zikuluzikulu zili ndi kopita kwina: ku Medical Council of Malawi ngati zikukhudza dokotala, ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati zikukhudza namwino.

TISAIWALE AMENE ALI MBALI INAYO YA TEBULO

Anamwino ndi madokotala a m'zipatala zathu ndi ana athu omwe. Amakhala ku Biwi ndi ku Area 25 konkuno, amakwera minibasi zomwezi. Namwino mmodzi akasiyidwa usiku ndi amayi khumi obereka, magetsi atazima, magolovesi atatha, n'kulakwa kumuyeza ngati kuti adali ndi zonse. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa adalonjeza kupereka 15 kwacha mwa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo dziko lathu zaka zambiri lakhala likulephera kufikapo. Kuperewera kumeneko kumaonekera pa windo la mankhwala ku Kawale, ndipo amene amatukwanidwa ndi wokhala pa windoyo.

Tichenjerenso ndi ichi: nambala ikasanduka chikwapu, anthu amaphunzira kuibisa. Chipatala chikamalangidwa pa imfa iliyonse, chidzayamba kutumiza odwala mochedwa kuti akafere panjira kapena kwina, ndipo kaundula wake adzaoneka woyera. Imfa ya mayi aliyense wa pa uchembere imayenera kuunikidwa ndi ogwira ntchito kuti apeze pomwe padalakwika, ndipo kuunikako kumapindula pokhapokha anthu akamalankhula momasuka. Izi sizikutanthauza kuti wakuba mankhwala kapena womenya wodwala asiyidwe. Zikutanthauza kuti tizisiyanitsa munthu woipa mtima ndi munthu wogwira ntchito pamalo posowa zipangizo.

KUPATSA CHIPATALA MALIKISI

Njira yomwe tikufuna tiyese m'madera mwathu idabadwira kuno ku Malawi. Bungwe la CARE lidaiyambitsa mu 2002 ndi dzina loti Community Score Card, ndipo idafalikira m'maiko ena komanso idayesedwa mwa kafukufuku m'boma la Ntcheu. Kachitidwe kake n'kosavuta. Anthu a m'dera amakumana m'magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, kuti aliyense amasuke. Amasankha okha zinthu zomwe akufuna kuyeza, monga nthawi yotsegulira, kupezeka kwa mankhwala, ulemu, ukhondo wa zimbudzi, kusunga chinsinsi, ndipo chilichonse amachipatsa malikisi ndi kulemba chifukwa chake. Ogwira ntchito pachipatala nawonso amakhala paokha n'kudzipatsa malikisi, natchula zomwe zikuwalepheretsa. Kenaka mbali ziwirizi zimakumana pamaso pa mafumu, khansala ndi akuluakulu a zaumoyo a m'boma, kuyerekeza mapepala awo ndi kugwirizana kuti chakuti achita ndani ndipo pofika liti. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi amabwerezanso.

Pamsonkhano wotero pamatuluka zinthu zodabwitsa mbali zonse. Anthu angamve koyamba kuti chipatala chimatsegulidwa mochedwa chifukwa wothandiza yemweyo ndi amene adagwira usiku. Ogwira ntchito angamve koyamba kuti atsikana adasiya kubwera chifukwa chitseko cha chipinda choyezera sichitsekeka, chinthu chomwe kalipentala wa m'dera angakonze tsiku limodzi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ifenso tidzatsinidwa: kubwera mochedwa ndi mwana, kusiya mankhwala panjira, kutaya buku la kuchipatala, kugula mankhwala olembedwa kuti ndi a Boma pa msika. Wogula mankhwala obedwa asadabwe akapeza pa windo palibe kanthu.

M'tauni muli vuto lomwe kumudzi kulibe. Ambiri ndife a lendi, timasamukasamuka, ndipo timadzuka m'mawa kukasaka ndalama, kotero misonkhano ya masana a pakati pa sabata imagwa. Nchifukwa chake tikupempha kuti ntchitoyi idutse m'magulu omwe alipo kale: mabanki a m'mudzi, magulu a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti, makomiti a chitukuko, ndi mafumu a m'mabuloko. Chipatala chaching'ono chilichonse chiyenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'dera, yomwe mwa ntchito zake ndi kuchitira umboni mankhwala akamafika kuchokera ku nkhokwe ya Central Medical Stores. Tikadafunsa pano kuti akweze dzanja amene akudziwa dzina la membala mmodzi wa komiti ya chipatala chake, tikukayika ngati manja angakwane khumi. Poyambira ndi pamenepo.

Ziwerengero zomwe tikufuna sizofunika kuzipanga mwatsopano. Chipatala chilichonse chimatumiza kale lipoti la mwezi ndi mwezi ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe, ndipo malipotiwo amalowetsedwa mu kompyuta ya Unduna. Vuto ndi loti amakwera kumtunda osabwerera kwa eni ake. Gawo 37 la Malamulo aakulu limatipatsa ufulu wopeza nkhani zomwe Boma likusunga, ndipo lamulo lothandiza ufulu umenewu lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Sitikupempha maina a odwala, chifukwa chinsinsi cha wodwala chiyenera kusungidwa. Tikupempha kuti komiti ipangane ndi mkulu wa chipatala kuti pa bolodi la pakhomo pazilembedwa m'Chichewa, mwezi uliwonse, zinthu zowerengeka: amayi omwe adachira, makanda omwe adatayika, odwala omwe adatumizidwa ku Bwaila kapena ku Central ndi nthawi yomwe ambulansi idatenga kuti ifike, masiku omwe mankhwala a malungo ndi a chibayo adasowa, ndi madandaulo omwe adayankhidwa.

Tisanabalalike tigawike m'magulu malinga ndi chipatala chomwe timapitako, a Kawale ndi a Biwi mbali iyi, a Chinsapo apo, a Area 23 apo, a Area 25 ndi a Mgona kumbuyoko. Gulu lililonse lisankhe mlembi, ligwirizane zinthu zisanu zokha zomwe likufuna kuyamba kuyeza, ndipo litchule anthu awiri, mayi ndi bambo, amene apite sabata ino kukaonana ndi mkulu wa chipatala ndi wapampando wa komiti kuti apangane tsiku la msonkhano woyamba. Popita kumeneko apite masana mzere utatha, osati m'mawa odwala ali pa benchi.